Chimene chinkagwetsa a Telala

Ine ntchito yanga ndi yometa. Kachipinda kanga kagundizana ndi ka a Telala, bambo wachikulire amene wasoka pamenepo zaka zoposa makumi awiri.

Chaka chatha a Telala anayamba kumva chizungulire n'kumagwa. Koyamba anagwa akuyang'ana nsalu pashelefu yapamwamba. Kachiwiri anagwa akumanga tayi. Kachitatu anangotembenuka kuti ayankhe moni, basi pansi, mpaka kutemeka pachipumi.

Kuchipatala ankawadziwa kale. Anali ndi matenda atatu: kuthamanga kwa magazi, mtima wodumphadumpha pogunda, ndiponso kachitseko kena ka mkati mwa mtima kosatseka bwino. Vuto linali kudziwa kuti mwa atatuwa owagwetsa ndi ati. Anawachepetsera mapiritsi, ena anawasintha, mtima anaujambula. Kugwa osatha.

Mwana wawo wamkazi, amene ndi mphunzitsi, anabwera atakwiya.

"Ababa, mukangogwanso kamodzi, makinawa ndigulitsa. Mukakhala kwathu, muzikacheza ndi zidzukulu."

"Zidzukulu zondibisira magalasi zija?" anatero a Telala. "Ndisiye ndifere pano."

"Kufako ndiye ndikukanako."

Loweruka lake a Telala anabwera kudzameta ndevu. Ndinawapaka sopo, ndinakweza chibwano, n'kudinikiza chala pansi pa nsagwada chakumanja kuti khungu likungike. Nkhani ya mpira imene ankandiuza inadukira pakati. Maso anatembenuka, mutu n'kugwera pamkono panga. Posakhalitsa anatsitsimuka.

"Zachitikanso?" anandifunsa.

"Zachitika, madala."

"Usamuuze mphunzitsi uja, wamva? Sindinagwe. Munthu sagwa ali pampando."

Ndinavomera. Kunena zoona ndinkaopanso kuti anthu azinena kuti ndawapweteka ndine. Koma nkhaniyi inandikhala pamtima masiku awiri. Ndinakumbukira kuti mwezi wathawo, nditagwira pomwepo, anadandaula kuti akuona mdima, ine n'kuwaseka kuti ndi njala. Ndiye shelefu ija, tayi uja, kutembenuka kuja, zonse zinali za khosi. Ndinamuimbira foni mwana wawo, ndipo anandipempha kuti ndikafotokoze ndekha kuchipatala.

M'basi a Telala anandiyankhula kamodzi kokha. "Kazitape iwe. Wandigulitsira makina."

Dokotala wa mtima anali mayi wamfupi, wosapupuluma. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mwati munagwira pati, achimwene?"

Ndinaloza. Anawagoneka pabedi, anawamata timawaya pachifuwa, anayamba wamvetsera khosilo ndi chomvera chake, kenako n'kusisita pomwepo pang'onopang'ono. Mzere umene unkadumpha pakompyuta unawongoka. Nesi anawerenga masekondi asanu, ndipo unayambanso kudumpha. Mphunzitsi uja anali atandigwira malaya osadziwa.

A Telala atatsegula maso, dokotala anawafotokozera. "Bambo, pakhosi panupa pali kamtsempha komva msanga. Kakadinikizika kamauza mtima kuti uime kaye. Matenda atatu aja alipo ndithu, tipitiriza kuwasamala, koma chokugwetsani ndi chimenechi. Zimene ndachitazi wina asakayesere kunyumba, n'zoopsa."

"Ndiye kusoka kwatha?" anafunsa a Telala, mawu ali pansi.

"Ndani wanena? Tikuikani kachipangizo ka batire pansi pa khungu, apa, kodzutsa mtima ukafuna kuima. Chimene musiye ndi kolala yothina."

"Mwamva, amayi aphunzitsi?"

"Ndamva, ababa. Aike kaye, ndione ndi maso."

Tinadikira milungu itatu asanawaike, kenako mwezi wina akupuma kwa mwana wawo. Panopa yatha miyezi isanu osagwa. Chizungulire chimabwerabe apo ndi apo akadzuka mothamanga, koma dokotala akuti chimenecho n'cha mapiritsi, azidzuka pang'onopang'ono. Ndevu amadzimeta okha. Akuti dzanja langa ndi loipa, koma tiyi amandiitanabe.

Lolemba lapitali mphunzitsi uja anabwera ndi thumba lalikulu n'kuliika patebulo pawo. Munali nsalu ya mayunifolomu a kusukulu kwawo, okwana makumi atatu.

"Athe pofika Lachisanu la sabata ya mawa, ababa."

"Lachisanu? Ukuona ngati ndili ndi manja anayi?"

"Si mumafuna ntchito?"

A Telala anavala magalasi, n'kuyamba kufunafuna choko.