Usipa Wouma pa Mtsuko

Jestina wa ku Nkope anayamba kuumba monga amachitira amayi ena onse: miphika, mitsuko, timbale ta ndiwo. Chimene chinamusiyanitsa ndi anzake chinali dzanja loyabwa. Mtsuko ukangoyamba kuuma, ankatenga kamtengo kosongola n'kujambulapo mlambe wa kuseri kwa nyumba yake, kapena mapiri a tsidya la ku Makanjira monga amaonekera m'mawa kukayera, kenako n'kupaka katondo wofiira ndi mtsiro wakuda. Loji ina ya ku Nkopola inamva mbiri yake, ndipo mitsuko yake inayamba kukhala pa shelefu pafupi ndi khomo, pomwe alendo ankaigula.

Wolandira alendo pa lojipo anali Lonely, mtsikana wamtali, woonda, wosadziwa kubisa mawu. Lamulungu ankaimba kwaya kutchalitchi, ndipo kumbuyo kwake kunkaima Kingstone, mphunzitsi wa ku Ntcheu amene boma linamutumiza kunyanja kuno. Kingstone ankalemba ndakatulo za chilichonse, mphepo ya mwera, udzudzu, ngakhale njinga yake. Koma akakumana maso ndi Lonely, chimene chinkatuluka m'kamwa mwake chinali "Mwaswera bwanji?" basi, ngakhale kuli m'mawa.

Tsiku lina anafika pakhomo pa Jestina atavala tayi, dzuwa likuswa mtengo.

"Amayi, ndabwera ndi nkhani yovuta."

"Khalani pansi aphunzitsi. Amwalira ndani?"

"Palibe. Ndikufuna mundiumbire mtsuko, mulembepo ndakatulo yanga. Ukapsa muutumize ku loji pamodzi ndi inayo. Mwini wake akaona dzina lake, adziwa yekha."

Anatulutsa pepala nayamba kulakatula, dzanja lili pamtima. Jestina anamvetsera mpaka dothi linayamba kuuma m'manja mwake.

"Aphunzitsi, mwati mtsuko kapena khoma la sukulu? Zonsezi sizingakwane. Sankhani mzere umodzi."

Kingstone anadandaula ngati akumuzula dzino. Potsiriza anasankha uwu: Lonely ndiwe chambo cha m'madzi akuya, ena onse m'maso mwanga ndi usipa wouma.

"Mwana wa eni ake mukumutcha nsomba?" anafunsa Jestina.

"Ndi fanizo, amayi."

"Chabwino, fanizo lanu lomwelo."

Jestina anaumba mtsuko wabwino kwambiri, wa mimba yaikulu ndi khosi lalifupi. Mbali imodzi anajambulapo chambo chonenepa chikusambira pansi pa chilumba, nkhwazi ili pamwamba. Mbali inayo anajambulapo kausipa kamodzi kali gone pathandala loyanikapo nsomba, nthiti zili pamtunda. Mawu anawalemba mozungulira khosi. Koma poti anayamba ndi zilembo zikuluzikulu, malo anamuthera, moti mawu omaliza anakagundana ndi oyamba, osasiya mpata ngakhale wa chala. Iye anangoti bola zakwana, n'kuuika pamoto.

Mitsuko itafika ku loji, Lonely anali atapita kukadya. Mlonda amene anailandira anaona dzina pa umodzi, ndipo mwa ulemu wake anautembenuza kuti dzinalo liyang'ane kutsogolo. Tsono aliyense wolowa pakhomo ankawerenga zimene zinkaoneka: USIPA WOUMA LONELY NDIWE. Pansi pake, kausipa ka nthiti kaja.

Ophika anatuluka kukhitchini kudzaona. Ochapa anasiya zochapa. Pamene Lonely ankabwerera, anapeza anthu ali m'magulumagulu, ena akupukuta misozi, ndipo wina anamufunsa mwaulemu kuti bigili yoyezera usipa ili pa mtengo wanji lero.

Lonely anayang'ana pa shelefu, n'kuwerenga mawuwo. Ananyamula mtsukowo, n'kuimitsa kabaza, ulendo wa ku Nkope, mtsuko uli pamiyendo.

Kingstone anali ali kale kwa Jestina, kudikira kumva ngati kwabwera uthenga. Ataona amene akutsika pa njingayo, ndi mmene nkhope yake inalili, anathamangira kuseri kwa mulu wa nkhuni zowotchera miphika n'kunjuta pamenepo.

"Amayi, ine ndinakulakwirani chiyani?" anatero Lonely asanapereke n'komwe moni. "Mitsuko yanu ndimaipukuta fumbi ndine. Alendo ndimawanyengerera ndine kuti agule. Lero mukandiyanike pathandala pamaso pa anthu?"

Jestina anayang'ana mtsukowo, n'kuwerenga mbali imene Lonely anamulozera. Anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Anaseka mpaka anakhala pansi m'dothi lonyowa.

"Mwana wanga, pepa. Tautembenuza. Yambira pa dzina lakolo, uzipita kumanja."

Lonely anauzungulitsa pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Anafika pa chambo chonenepa chija, n'kupitirira mpaka anabwerera pa dzina lake.

"Si mawu anu awa, amayi. Walemba ndani?"

Jestina anangoloza ndi milomo ku mulu wa nkhuni, komwe nsapato ziwiri zopolishidwa bwino zinkaonekera pansi.

"Aphunzitsi, tulukani. Nsapatozo ndimazidziwa, zimandiponda chidendene kukwaya."

Kingstone anatuluka, phulusa lili m'mawondo, tayi itapita paphewa.

"Mwaswera bwanji, a Lonely?"

"Ndaswera pathandala. Tsono inu, munthu wophunzitsa ana a eni, mwayang'ana nyanja yonseyi, mapiri awo, mbalame, maluwa, n'kuona kuti ine ndikufanana ndi ndiwo?"

Kingstone anawongola tayi yake. Kwa nthawi yoyamba chifikireni kunyanja, mawu anabwera okha.

"Inu munabadwira kuno, chambo mumachiona tsiku lililonse. Kwathu ku Ntcheu chinkabwera pa Khirisimasi pokha, bambo atachimangirira pagalasi la basi. Tinkakhala pamsewu kuyambira m'mawa kuchidikira. Ine sindidziwa chinthu china chimene ndinachidikirapo choncho."

Lonely anayang'ana kumbali, n'kuluma mlomo kuti kuseka kusatuluke, koma mapewa anamuulula.

"Mlandu sunathe," anatero. "Anthu andiseka kuntchito. Mawa mubwere, muime pakhomo paja, muwawerengere nokha kuyambira poyambira."

Tsiku lotsatira Kingstone anapitadi ataweruka kusukulu. Ophika, ochapa, mlonda uja, ngakhale alendo awiri achizungu amene sankamva kanthu, onse anasonkhana. Kingstone ananyamula mtsuko m'mwamba, n'kumautembenuza uku akuwerenga mokweza ngati ali m'kalasi. Atafika pa "chambo cha m'madzi akuya," amayi ochapa anaimba nthungululu. Atafika pa "ena onse ndi usipa wouma," nthungululu inaduka.

"Ena onse ake ati?" anafunsa mayi wina wonenepa, manja ali m'chiuno. "Ifeyo?"

Kingstone anayang'ana kwa Lonely kuti amupulumutse. Lonely anali atagwira tebulo, akulira ndi kuseka. Zinatengera kuti mphunzitsiyo apepese kwa mayi aliyense payekhapayekha, chipewa chili m'manja, kuti amulole kutuluka pageti.

Mmodzi wa alendo aja anafuna kuugula mtsukowo. Lonely anautsitsa pa shelefu n'kuuika pansi pa tebulo lake, nati uwu si wamalonda.

Anamuperekeza Kingstone mpaka pamsewu, iye akukankha njinga yake.

"Loweruka mubwere kwathu," anatero Lonely. "Amayi amva kale nkhaniyi kumsika, ndiye akuti akufuna amuone munthuyo ndi maso awo."

Kingstone anaima, nkhope yonse ili mwee. "Ndibwera. Ndipotu ndili ndi kandakatulo kena, kokhudza amayi olera bwino ana. Ndikhoza kuwapempha amayi Jestina kuti..."

"Aphunzitsi."

"Ee?"

"Mubwere ndi shuga."

Loweruka Kingstone anafika ndi shuga, buledi, ndi kambale kadothi kamene Jestina anajambulapo mlambe wokha. Amayi a Lonely anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuuza mwana wawo kuti amuwonjezere mbatata, chifukwa woonda weniweni pakati pa awiriwo anali mlendoyo.