Kunsi kwa Bowa

Chilichonse chimene wachigwira, mayi ameneyu ankayamba wachitembenuza kaye. Mbale, nsapato, tsamba la papaya, ngakhale mpando wa eni ake kuchipatala, iye aone kunsi basi. Mwamuna wake ankati tsiku limene anakumana koyamba, mkaziyo anayamba wamupinda kolala ya shati asanamuyang'ane kumaso. Anthu apafupi ankangomuitana kuti Tembenuzani, ndipo iye ankayankha.

Lachitatu limenelo anali patebulo lake la pawindo, pomwe kuwala kumakhala bwino mpaka dzuwa litapendeka. Mapensulo amitundu anali atandandalika pansalu, ena atafupika ngati chala cha khanda. Ankawasongola ndi lezala, poti makina osongolera amadya pensulo ngati chiswe.

Kampani ina yosindikiza mabuku inamupatsa ntchito yojambula zithunzi makumi atatu za buku la ana asukulu, lonena za zomera zam'tchire zimene zimadyedwa. Zonse zinali zitapita, kupatula chimodzi: bowa, yemwe anali woti akhalenso pachikuto. Mkonzi wa bukulo ankamufuna Lachisanu.

Bowayo anali atamudyera masiku asanu ndi anayi. Pensulo si penti. Umayamba ndi mtundu wopepuka, dzanja likungokhudza pepala ngati ukuchotsa kachitsotso m'diso la mwana. Kenako mtundu wina pamwamba pake, winanso pamwamba, mpaka kasanu ndi kawiri. Pepala likakhuta sililandiranso kanthu. Ukalakwitsa, labala amangopakaza, safufuta.

"Odi kuno kwa anthu ogwira ntchito atakhala!"

Anali alamu ake, achemwali a mwamuna wake, amene nthawi ya mvula amagulitsa bowa kumsika. Anatula dengu pakhomo n'kulowa akupukuta thukuta.

"Lowani alamu, koma manja anuwo akhale kutali ndi pepala langa."

"Pepala lomwe lija? Bowa wa Mulungu amamera tsiku limodzi. Wanuyu afuna mwezi?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhonoyo ilibe bwana woidikira Lachisanu."

Alamuwo anawerama, manja kumbuyo, n'kuyamba kuyang'ana. Pachipewa cha bowayo anagwedeza mutu movomera. Timamba tofiirira tinali tomwe tija, tsinde lalitali lomwe lija. Maso awo atatsikira kunsi kwa chipewacho, kumene Tembenuzani anajambula timizere tating'onoting'ono kamodzikamodzi, kumwetulira kunatha.

"Ameneyu mukufuna kudyetsa ndani?"

"Ana asukulu. Alemba pansi pake kuti amadyedwa."

"Ndiye muwauze abwana anuwo asindikizenso buku la nyimbo za maliro. Kubiriwira uku mwakutenga kuti?"

Tembenuzani anayang'ana pamene chala cha alamu akewo chinkaloza. Iye sankajambula mthunzi ndi pensulo yakuda. Ankati yakuda imapha chithunzi. Mthunzi uliwonse, kaya wa pansi pa tsamba kaya wa pansi pa chibwano cha munthu, ankauyala ndi pensulo yobiriwira mopepuka, ndipo anthu ankadabwa kuti zinthu zake zimaoneka ngati zikupuma.

"Umenewo ndi mthunzi chabe, alamu."

"Mwana wa eni ake adziwa bwanji kuti ndi mthunzi? Bowa ameneyu anabadwa mapasa. Pamwamba amavala malaya amodzi, ngakhale ine ndimayamba ndatembenuza. Wakupha uja akakhwima amabiriwira kunsi, ndendende mmene mwachitiramu. Mwamujambula bwino zedi. Ndangotsala pang'ono kumupatsa moni."

Tembenuzani anakoka chithunzi cha kamera chimene mkonzi anamupatsa kuti azionera. Chinajambulidwa munthu ataimirira, chipewa chokha ndi tsinde pang'ono. Mkonziyo ananena kuti ajambule bowayo atapendekeka, kunsi kuoneke. Tsiku loyamba iye anatembenuzadi chithunzicho, n'kupeza pepala loyera, n'kudziseka yekha. Kenako anangoganizira. Moyo wake wonse, aka kanali koyamba kujambula kunsi kwa chinthu chimene sanachitembenuze.

Manyazi anamugwira pang'ono, koma chidwi chinawaposa. Anathamangira dengu lija n'kuyamba kutembenuza bowa mmodzimmodzi.

"Musandifinyire malonda! Mtundu umenewo mulibemo. Ndi wofewa, sapirira ulendo. Umamera kumapiri kumene ndimakapikula, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi."

"Chabwino. Wabwinoyo kunsi kwake n'kotani?"

"N'koyera."

"Kuyera kwake kuti?"

"Kuyera kulinso ndi mitundu?"

Tembenuzani anasankha mapensulo asanu n'kuwayala pathabwa lakuda. Alamu ake anawayang'ana ngati akusankha nsomba.

"Iyi ndi yoyera ngati mano a wandale, ayi. Iyi ngati sopo wochapira. Iyi ngati ndolo zanga zabodza zija." Anatola awiri n'kuwagundanitsa. "Ali pakati pa iyi ndi iyi. Komanso ukamukanda ndi chikhadabo amasintha."

"Amasintha n'kukhala wotani?"

"Amangosintha."

"Kufiira? Kuda? Msanga kapena pang'onopang'ono? Nanga timizereto timakafika patsinde kapena timalekeza panjira?"

"Iii, apolisi! Diso langa limadziwa, pakamwa sipadziwa."

"Pakamwa panupo pali chimene sipadziwa? Lero mvula igwa ya matalala."

Anaseka onse, koma Tembenuzani anali atatenga kale foni. Anamufotokozera mkonzi zonse, osakometsera.

"Mayi, musandiopseze," anatero mkonziyo. "Ingopakani choyera pamwamba, nkhani ithe."

"Choyera sichikwirira chobiriwira, bwana. Pepala lakhuta. Pafunika pepala latsopano, ndipo ndiyambe ndamuona bowayo ndi maso anga."

"Masiku angati?"

"Awiri a ulendo, asanu ndi anayi ojambula."

"Makina osindikizira tinapangana nawo Lolemba! Pali munthu wina amajambula pakompyuta, ola limodzi watha."

"Kunsiko iyeyo akakuona kuti?"

"Afufuza pa intaneti."

"Mapasa onse awiri ali pomwepo, bwana, ndipo sanalembedwe pamphumi. Safunsa anadya phula. Apa wodyayo akhala mwana wa munthu."

Kumbuyo kwa mkonziyo kunkamveka anthu akukokera mipando.

"Mayi, ntchito yanu ndimaikonda. Koma mukandiphonyetsa Lachisanu, buku la mbalame lija sindikulonjezani. Akuluakulu atopa ndi kudikira nkhono."

Buku la mbalame linali ntchito ya chaka chathunthu. Tembenuzani anali atayamba kale kutola nthenga m'njira, n'kumazisunga m'chitini cha mkaka.

"Ndamva. Koma ichi sinditumiza. Ndipo wa kompyutayo akakupatsani chake, mubwere nacho kumsika alamu anga achione musanasindikize."

Foni inaduka popanda kutsanzikana.

Alamu ake anali atakhala pampando, akudzipepesera mphepo ndi katoni. "Mwataya mbalame zonse chifukwa cha bowa mmodzi. Ndikanadziwa ndikanatseka pakamwa."

"Mukanaphulika. Mupita liti kokapikula?"

"Mawa, basi yoyamba. Koma kumeneko kulibe tebulo, kulibe windo. Mukagwada m'matope ngati ife."

"Mawondo ndili nawo."

"Nanga mlongo wanga adya chiyani masiku awiri?"

"Manja ali nawo awiri. Ndinawatembenuza kale, ndi abwinobwino."

Anatsitsa chikwama pamwamba pa kabati n'kuchikung'untha fumbi. Anaikamo mapepala awiri atsopano pakati pa makatoni, lezala, mapensulo oyera asanu aja ndi ofiirira atatu, juzi, ndi kagalasi kake kodziyang'anira, koti akalowetse pansi pa chipewa aone bowayo asanazulidwe. Kenako anaima, akuyang'ana chithunzi cha masiku asanu ndi anayi chija.

"Mwati ameneyu ndi wakupha ndendende?"

"Ngati munabadwira naye nyumba imodzi."

"Ndiye mukandionetse onse awiri. Ana ayenera kuona mapasawo ali pamodzi, aliyense atagona chagada. Akakana bwana uyu, alipo wina adzavomera."

Analowetsa chithunzicho pakati pa makatoni aja. Pomaliza anatola pensulo yobiriwira, n'kuisongola bwinobwino, n'kuiika m'kathumba kayokha. Anatseka zipi, n'kuika chikwamacho pakhomo, pambali pa dengu.