Chipsepse cha nsomba ya Bambo Yoramu

Bambo Yoramu anaima kutsogolo kwa thanki yawo ya nsomba, kuseri kwa nyumba ku Budiriro, maso ali psuu.

"Musandipusitse, mayi! Anzanu ofufuza anabwera chaka chatha n'kung'amba nsomba zanga zitatu, ati akufuna impso. Madziwa ndimachita kusenza kuchokera ku mjigo, ndiye mundipherenso yaikazi yoswa bwinoyi?"

Gamuchirai, wofufuza za kaswedwe ka nsomba, anawaonetsa kasizasi. "Sindipha ayi, bambo. Ndingodula kansonga ka chipsepse. Makromozomu, tinthu tosunga chibadwa chake, tikawaonera momwemo, kuti tidziwe yamphongo yoyenerana nayo."

Bambowo anang'ung'udza, komabe nsombayo anaigwira okha ndi nsalu yonyowa. Gamuchirai anadula kachidutswa kosaposa chikhadabo cha khanda. Ataibwezera m'madzi, inasambira ngati palibe chachitika.

"Pakatha masabata angapo chidzameranso," anatero Gamuchirai.

Bambo Yoramu anayang'ana dzanja lawo lamanja, pomwe makina a fakitale ina ku Willowvale anadula zala ziwiri zaka makumi atatu zapitazo.

"Chidzameranso?" anafunsa motsitsa mawu. "Ine zanga ndikudikirabe."