Kunenerera Anthu a ku Norway

Makalata awiri aja anafika sabata imodzi, onse pafoni. Takondwa anali atapempha malo a digiri yachiwiri ya zansomba m'mayunivesite asanu, ndipo awiri anamuvomera. Ya ku Norway inkalipira zonse, fizi, ndege ndi chakudya, koma za munthu mmodzi basi. Ya ku South Africa inangomuchotsera fizi, zinazo adzionere yekha. Iye mtima unali ku Norway. Chomwe chinkamuvuta n'kusiya Chisomo, mwana wake wa zaka zitatu.

Anawafotokozera mayi ake, a Eveles, akutembenuza usipa pathandala. Mayiwa agula nsomba padoko la Chipoka zaka makumi atatu, ndipo palibe msodzi amene anawaonapo akulipira mtengo woyamba.

"A ku Norwaywo akudziwa kuti a ku Joni akukufunanso?" anafunsa.

"Ayi, amayi."

"Ndiye ukufuna kungovomera ngati wanjala? Ukaonetsa mano pa bwato loyamba, wagula modula. Uwauze kuti kwina akukuitana, kenako ukhale chete. Akuthamangira okha, ndipo za mwanayu awonjezera."

"Kumeneko sanenerera, amayi."

"Kulibe kumene sanenerera."

Takondwa ankadziwa kuti yunivesite si bwato. Koma anakulira kumbuyo kwa mayi ake, akuwaona akufulatira nsomba zabwinobwino, osacheuka, msodzi n'kuwaitana asanayende masitepe khumi. Digiri imodzi siichotsa zimenezo m'mutu. Anakwera minibasi kupita ku boma kumene netiweki siidukaduka, n'kulemba imelo yaulemu: wapeza malo kwina, akuganizabe, ndipo nkhani ya mwana ikadaoneka bwenzi zili bwino. Fomu yovomerera sanaidzaze. Tsiku lomaliza linali Lachisanu, ndipo analisiya lidutse dala.

Yankho linabwera Lachiwiri. Linali laulemu kuposa imelo yake ija. Anamuyamikira chifukwa chopeza malo kwina, anamufunira zabwino zonse kumeneko, ndipo anati malo ake apatsa wotsatira pamndandanda.

Analemba kawiri kupepesa. Anamuyankha kamodzi, kuti adzayesenso chaka chamawa pamodzi ndi ena onse. Ku South Africa malo analipo ndithu, koma lendi ndi chakudya cha zaka ziwiri usipa wa a Eveles sukanakwanitsa.

Anawawerengera mayi ake kalatayo m'Chichewa, mzere ndi mzere, osakweza mawu. Anali wokwiya, koma kwenikweni ankadzikwiyira yekha, chifukwa imelo ija analemba ndi zala zake.

A Eveles anamvetsera mpaka kumapeto. Anafunsa ngati kalatayo yalembedwa ndi bwana weniweni kapena kalaliki chabe. Takondwa anati zilibe kusiyana.

"Uwalemberenso," anatero a Eveles. "Uwauze kuti si iwe. Uwauze kuti anakuuza ndi mayi ako, ndipo mayi akowo sanapite kusukulu."