Kanema wa M'kalasi ya Amayi

"Ingoyatsa, Pulofesa, tione," anatero mlongo wake wamkulu akum'kankhira laputopu pathebulo. "Aphunzitsi aakulu akufuna yankho lero."

Dzina la Pulofesa anam'patsa ndi mlongo wakeyu pomuseka, chifukwa ntchito yake inali yozungulira m'masukulu kuphunzitsa aphunzitsi kagwiritsidwe ntchito ka matabuleti, timakompyuta tam'manja, m'kalasi. Panali patadutsa masiku atatu chiikireni mayi awo m'manda, ndipo mipando ya pabalaza inali idakali m'mbali mwa khoma mmene anaisiyira olira. Sukulu imene mayiwo anaphunzitsapo zaka makumi atatu inkakonza mwambo wowakumbukira Lachisanu, ndiye inapempha kanema wowaonetsa akuphunzitsa. Kanema woteroyo analipo mmodzi yekha, ndipo anajambulidwa ndi Pulofesa yemweyo.

"Mawu ake samveka bwino, achemwali. Tingowapatsa zithunzi."

"Iwe, katswiri wa makina, mawu akukanike? Usandiseketse pamaliro."

Pulofesa anayatsa kanemayo.

Mayi awo anaoneka ataima pabolodi, choko kumanja, lula kumanzere. Ana anali ndandanda m'madesiki, manja atapinda pachifuwa. "Zitatu kuchulukitsa kanayi!" Ana anakuwa yankho. "Bwerezani!" Anabwereza. "Bwerezaninso!" Kenaka pankhope ya mayiwo panatulukira zilembo zikuluzikulu zofiira: NJIRA YAKALE, MWANA NGATI CHIDEBE CHONGOTHIRAMO.

Mlongo wake anaimitsa kanema.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi za kumaphunziro a aphunzitsi, achemwali. Timayamba taonetsa kuphunzitsa kongoloweza. Tikatero timaonetsa kalasi ya matabuleti, mmene mwana amafufuza n'kudzipezera yekha yankho."

"Ndiye chitsanzo choipacho ndi amayi?"

Pulofesa anayang'ana pansi.

"Anaonera anthu angati?"

"Ambiri. Zaka ziwiri ndakhala ndikuonetsa."

"Ankaseka?"

Ankaseka, inde. Iye ankadziwa ngakhale pamene kusekako kunkayambira, pa kubwereza kwachitatu paja, moti ankayamba waima kaye kudikira kuti anthu amalize asanapitirize kulankhula. Manyazi anam'gwira mpaka makutu kutentha.

Mlongo wake anayandikiza nkhope, akuyang'anitsitsa chithunzi choimacho.

"Komatu amayi sankaphunzitsa chonchi. Madesiki pamzere m'kalasi mwa amayi? Kuyambira liti? Nanga zitsekerero za mabotolo zija tinkawatolera mpaka zala kuchekeka zili kuti? Ana awo ankakhala m'timagulu, akuwerenga okha, kukangana, phokoso ngati pamsika. Lula ameneyu anam'tenga kuti?"

"Ndinawapatsa ndine." Pulofesa anaulula zonse. "Ndinkafuna kalasi yachikale, koma aphunzitsi onse anakana kujambulidwa. Ndiye ndinapempha amayi kuti abise zitsekerero, andandalike madesiki, aime kutsogolo."

"Unawauza kuti n'za chiyani?"

"Ndinangoti n'za kuntchito."

"Mayo ine! Mayi wokubala iwe." Anapukuta m'maso ndi kumbuyo kwa dzanja. "Anamwalira osadziwa kuti mwana wawo akuwayendetsa m'maholo ngati chidole. Lachisanu aphunzitsi amene anawaseka aja adzakhala ali pompo. Udzawayang'ana ndi nkhope iti?"

Funso limenelo ndi lomwe linkam'lepheretsa kumeza chakudya chiyambire maliro.

"Wopanda zilembo zofiirazi ulipo?" anafunsa mlongoyo.

Analipo, wosadula, m'foda ina imene sanaitsegulenso chijambulireni. Tsiku limenelo anangotengamo mphindi zitatu zimene ankazifuna, kotsalako sanakuonere n'komwe. Anamuyatsa n'kumuthamangitsa mpaka chakumapeto.

Kubwereza kunali kutatha. Kamera inali idakayaka pamiyendo yake pakona, chifukwa mwini wake anali atatuluka kukayankha foni. Mawu ake ankamveka chapatali pakhonde, akuseka ndi abwana ake. Mayi aja anaika lula pathebulo, nasasa choko m'manja, n'kuyandikira kamera mpaka nkhope yawo kudzaza galasi lonse. Anasuzumira ngati akumufunafuna m'katimo.

"Mwana wanga, ukamaonera undiuze," anatero motsitsa mawu. "Ndaipitsa mokwanira? Kukalipa ndiye kwandikanika. Ngati sizinakwane ubwere tibwereze, asakakuseke kuntchito."

Pulofesa anagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

M'kanemamo mayi awo anali atatembenuka kale. Anagwira desiki yakutsogolo, naikoka kuichotsa pamzere, ana n'kudzuka onse kuwathandiza.

"Zosewera zatha, ana anga," anatero akugwada pansi pakati pawo. "Senderani kuno. Tiphunzire tsopano."