Hutala ya Mbatatesi

Chibwerereni a Malachy Tighe kuchipatala, m'nyumba ya m'mphepete mwa njanji ija munangoti zii. Sitiroko inawalanda dzanja lamanja ndi mawu omwe. Mwendo unkakokeka, koma unkayenda ndithu. Mawu ndiwo anapitiratu. Akati alankhule pankatuluka kaphokoso kamene kankawachititsa manyazi eni ake, mpaka anangosiya.

Anamwino anawapatsa kabelu koti aziliza akafuna kanthu. A Malachy anakayang'ana kamodzi n'kukakankhira kuseri kwa wailesi. Munthu woyendetsa sitima moyo wake wonse azigwedeza kabelu ngati wotumikira pa Misa? Tiyi akazizira ankamwa wozizira yemweyo. Bulangete likagwa ankalisiya pansi.

Akazi awo, mayi Concepta, ntchito sankaidandaula. Kusambitsa, kuveka, kudula nyama tizidutswa, zonsezo ankachita akung'ung'udza nyimbo za kutchalitchi. Amuna awo anali moyo, ankadya bwino, nyumba inali yofunda, ndipo ankathokoza. Chinkawadya mumtima n'chimodzi chokha: amuna awo anasiya kuwaitana. Zaka zonsezi ankadandaula kuti dzina lawo latha ndi kuitanidwa, "Cepta, masokosi anga ali kuti? Cepta, magalasi aja mwawaona?" Tsopano ankalakalaka atangovutitsidwa ngakhale kamodzi.

Nyumbayo ili kunja kwa Claremorris, pamene njanji yochokera ku Dublin imakhota isanalowe m'tauni, ndipo khomo la kukhitchini layang'ana njanji. Masiku amene a Malachy ankayendetsa sitima, mafoni a m'manja kunalibe, koma awiriwa anali ndi foni yawoyawo. Akamabwera madzulo, pokhota paja ankaliza hutala kamodzi motalika, kenako kawiri mwachidule. Tanthauzo lake linali lakuti ikani mbatatesi pamoto. Mmene ankafika pasiteshoni, kusiyira mnzawo sitima, n'kupalasa njinga kubwerera, mbatatesi zinkakhala zitapsa, makoko atang'ambika mmene ankazikondera. Mayi Concepta ankayankha poima pakhomo n'kukupiza kansalu kopukutira mbale.

Panalinso kaliridwe kena, katatu mwachidule. Kameneko kankatanthauza kuti ndidzera ku bala ya Hession kukamwa mowa, musandidikire. Ako sikankayankhidwa ndi kansalu. Kankayankhidwa ndi chitseko chomenyetsa.

Atapuma pantchito, a Malachy anasamutsira njanji m'shedi, kanyumba kosungiramo zipangizo kuseri kwa nyumba. Anakhoma thebulo lozungulira makoma onse, n'kuyalapo tinjanji, siteshoni ya Claremorris yamakatoni, ng'ombe zosaposa nyemba kukula, ndi tisitima takuda ndi talalanje ngati sitima zenizeni zimene ankayendetsa. Munthu asayerekeze kutitchula zidole. Ankatha tsiku lonse akung'ung'udza kuti njanji za kuno n'zotakata kuposa za Angelezi, koma tisitimati timayenda pa tinjanji topapatiza ta Angelezi, ngati munthu wovala nsapato zobwereka. Ankadandaula chonchi ali wosangalala kotheratu. Amuna ndi ana, ankatero mayi Concepta. Koma chibwerereni kuchipatala, shediyo sinatsegulidweko.

Loweruka lina kukuwaza kamvula, pakhomo panaima galimoto ya Donncha Lavelle. Donncha anali mwana wa mnzawo wa a Malachy wakuntchito, bambo wa ndevu zofiira amene anasiya uphunzitsi n'kuyamba kupanga tisitima. Iye ndi mnzake ankayeza sitima zenizeni ndi tepi, kujambula bawuti iliyonse, n'kutumiza zojambulazo ku fakitale ya ku China. Kukabwera kasitima koyesera ankakayang'ana pawindo, kukangana za mtundu wa lalanje, n'kukabweza. Chaka chathacho, a Malachy asanadwale, Donncha anawatenga kupita kumene anthu okonda sitima akusungako mutu wa sitima wakale, wa mtundu umene iwo ankayendetsa. Ankafuna kujambula kulira kwake kuti akuike m'kasitima.

"Mayi Tighe, mukukongolabe," anatero Donncha akupukuta nsapato pakhomo, bokosi lili m'khwapa.

"Bodza limeneli ukalisungire mkazi wako. Lowa, usandinyowetsere pansi. Wadya?"

"Ndadya, mayi."

"Wadya chiyani, mphepo? Khala pansi."

A Malachy anali pampando wawo pafupi ndi moto. Donncha anawagwira dzanja lamanzere, ngati kuti umo ndi mmene anthu amapatsirana moni masiku onse, ndipo mayi Concepta anamukonda chifukwa cha zimenezo.

"Madala, kafika," anatero Donncha. "Koyamba kutuluka m'bokosi ndi kanu. Mundiuze ngati mtundu wa lalanjewu uli bwino, chifukwa tabweza katatu ndipo ku China atopa nane."

Anachotsa maluwa ndi chithunzi cha Papa pathebulo, n'kulumikiza tinjanji mozungulira. Kenako anatulutsa kasitimako. Kanali kotalika ngati dzanja la munthu, koma chilichonse chinalipo: timasitepe, tizitsulo togwira pokwera, topukutira magalasi topyapyala ngati tsitsi, ndi nambala ya sitima imene a Malachy ankaikonda kuposa zonse. Mkati munakhala kadalaivala kovala chipewa.

"Kameneko ndinu," anatero Donncha. "Takuchepetsani mimba pang'ono."

A Malachy anaweramira kutsogolo. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, koma dzanja lawo silinachoke pabondo.

Mayi Concepta anapita kukatereka ketulo. Ali kukhitchini anamva injini ikutsokomola, kenako n'kuyamba kuguguda pansipansi, mmene inkamvekera ikaima pasiteshoni m'mawa wozizira. Anamwetulira, nati za masiku ano n'zodabwitsa. Akudula buledi, kunamveka hutala. Kamodzi motalika. Kawiri mwachidule.

Mmene ankazindikira, mpeni anali atauika pansi, poto ali m'manja, madzi akuthira kale. Anatseka mpopi n'kuima kaye, mtima ukugunda ngati wa mtsikana. Analowa pabalaza poto ali m'manja chomwecho.

"Waliza ndani?"

"Ndine, mayi," anatero Donncha monyadira, akuwaonetsa kabokosi ka mabatani kamene kanali m'manja mwake. "Batani ili n'lachidule, ili n'lotalika, koma lachitatuli ndiye nkhani. Ndi dzanja la madalawa lenileni, mmene analizira tsiku lija. Ndi chizindikiro chakale cha madalaivala a kuno kumadzulo, chimene sichinalembedwe m'buku lililonse la malamulo. Tikanachedwa chikanatayika."

"Chizindikiro cha chiyani?"

"Chochenjeza pokhota. Ndinawafunsa okha. Anati n'chofunika kwambiri, moyo wa munthu unkadalira chimenechi."

Mayi Concepta anayang'ana amuna awo. A Malachy anali akuyang'ana kudenga, ngati munthu amene waona kangaude wachilendo.

"Anatero eti? Moyo wa munthu?"

"Anatero, mayi. Kukalabu ya okonda sitima ku Dublin akukangana mpaka pano. Ena akuti chinachokera nthawi ya sitima zamalasha."

Mayi Concepta anaika poto pathebulo, pakati penipeni pa tinjanji, n'kukhala pansi. Anaseka mpaka misozi, akupukuta ndi epuloni.

"Donncha mwanawe, amati safunsa anadya phula, koma iwe unafunsa n'kudyabe phula. Moyo wa munthu wake ndi mimba ya nkhalamba iyi. Zimenezo zikutanthauza kuti Cepta, ika mbatatesi pamoto."

Makutu a Donncha anafiira kufanana ndi ndevu.

"Mayi, tisitimati tatumiza kale. Tina tapita ku Boston, tina ku Sydney."

"Ndiye kuti amuna a dziko lonse akuitanitsa mbatatesi kwa ine? Uwauze abwere ndi mbale zawo."

"Madala, mwandichita chipongwe," anatero Donncha, nayenso akuseka tsopano. "Ine kuima pamaso pa anthu, kufotokoza mbiri ya dziko!"

Phewa la a Malachy linagwedera pang'ono. Mayi Concepta anaona, mtima wawo n'kudzala ndi chiyembekezo. Donncha anaika kabokosi ka mabatani pa mkono wa mpando, mbali yamanzere, nati, "Taliyeseni nokha." A Malachy anakayang'ana monga anayang'anira kabelu kaja. Kenako anatembenukira kumoto.

Donncha anamwa tiyi, anadya buledi ndi nyama ngakhale anali atadya kale, n'kutsanzika. Pakhomo ananong'ona kuti abweranso kudzachotsa tinjanji ngati tikutsekereza.

"Tisiye," anatero mayi Concepta. "Tizidyera kukhitchini."

Masiku otsatira kasitimako kanangokhala pathebulo. Mayi Concepta ankakapukuta fumbi ndi nthenga, n'kuonetsetsa kuti magetsi ake ndi oyatsa. Sanawakakamize. Munthu amene mwakhala naye zaka zoposa makumi anayi mumamudziwa: ukamukankha amaima nji ngati bulu. Komabe ankakhumudwa, ndipo akamapemphera ankamuuza Mulungu mosabisa kuti sakupempha zambiri. Kawiri konse analowa pabalaza n'kupeza kabokosi kaja katasuntha pang'ono pamene anakasiya. Anachita ngati sanaone.

Lachinayi m'mawa mvula inakata, dzuwa n'kutuluka. Mayi Concepta anali kukhitchini akupukuta mbale za kadzutsa, akuganiza zochapa makatani. Pabalaza injini inatsokomola, n'kuyamba kuguguda. Iwo anaima, mbale ili m'manja, osapuma n'komwe. Anamva timawilo tikuyenda, tikuzungulira thebulo pang'onopang'ono, mwaulemu, mmene a Malachy ankanyamukira pasiteshoni osatayitsa tiyi wa munthu. Kenako hutala inalira. Kachidule. Kachidule. Kachidule.

Katatu.

Mayi Concepta anaika mbale pansi. Anayenda mpaka pakhomo la pabalaza, manja ali m'chiuno.

"A Malachy Tighe. Ndamva bwino?"

A Malachy ankayang'ana kasitima kawo, nkhope ili phee, chala chili pa batani.

"Miyezi yonseyi muli duu, ine kukusambitsani, kukuvekani, kukupemphererani mpaka mawondo kutupa. Lero mwati mulankhule, mawu anu oyamba n'ngakuti ndikupita ku bala? Ndi mwendo umenewo? Dzuwa lisanakwere n'komwe?"

Mbali yamoyo ya pakamwa pawo inayamba kukwera. Anayesa kuibweza, inakana.

"Musaseke. Palibe choseketsa apa. Kwa Hession mupita Loweruka, ndikuperekezani ndine, ndipo mukamwa imodzi. Imodzi, mwamva?"

Mayi Concepta anali okondwa kwambiri moti anachita mantha kuti alira pamaso pa amuna awo, chinthu chimene a Malachy sankatha kuchipirira. Anatembenuka msanga kuti abwerere kukhitchini, ndipo mwa chizolowezi dzanja linagwira chitseko kuti achimenyetse.

Kasitima kanali katafika pokhota, pafupi ndi mphika wa shuga. Hutala inaliranso, ndipo ulendo uno silinali batani lachitatu lija lojambulidwa chaka chatha. A Malachy ankaliza okha, ndi chala chakumanzere chosazolowera. Anadina lotalika n'kuligwira kupitirira muyeso. Kenako anafufuza linzake, kuliphonya, kulipeza. Kachidule. Kachidule.

Mayi Concepta anasiya chitseko. Atatembenuka anapeza amuna awo sakuyang'ananso kasitima, akuyang'ana iwo, akudikira. Kansalu kopukutira mbale kanali paphewa pawo. Anakachotsa, n'kukakweza m'mwamba, n'kukakupiza pakhomopo, munthu ali pafupi poti akanatha kumugwira.

A Malachy anagwedeza mutu kamodzi, n'kubwerera ku sitima yawo.

Nthawi ya chakudya inali ikadali kutali, makatani anali osachapa, ndipo onse awiri anali okhuta phala. Mayi Concepta anasankha mbatatesi zinayi zazikulu m'thumba, kuzitsuka, n'kuziika pamoto ndi makoko omwe.