Mpando Wofiira wa M'chipinda Nambala 9

Zdenka Vondrová anali atakongoletsa mahotelo asanu ndi imodzi mu Prague, ndipo sankafuna kuti munthu asunthe chinthu chimene iye waika. M'kahotelo ka ku Malá Strana, dera lakale la mzindawu, anasankha yekha chilichonse: utoto wa makoma, nyale zamkuwa, makatani ochindikala otuwa ngati phulusa. Pansi anamatapo timapepala tosonyeza poima miyendo ya mpando uliwonse.

Patatha miyezi itatu hoteloyo itatsegulidwa, anabwera kudzaona ngati zonse zili m'malo mwake. Libuše, mkulu wa oyeretsa zipinda, mayi wamfupi wosabisa mawu, anamuimitsa pamasitepe. Anamuuza kuti m'chipinda nambala 9 mpando wofiira sukhazikika. Mlendo aliyense, kaya Mjapani kaya Mtaliyana, amauchotsa patebulo n'kukaupanikiza pakona, pakati pa kabati ndi zenera, pamalo poti munthu sangatambasule n'komwe miyendo.

"Msana wanga watha ndi mpando wanuwu, amayi," anatero Libuše. "Muukhomere misomali, apo ayi mukhalepo nokha muone chimene chikuwakokacho."

Zdenka anaukokera pakonapo n'kukhala. Ukaima pakati pa chipindacho, pazenera unkangoona khoma la nyumba yoyandikana nayo. Koma atakankha katani ndi chigongono anaona kampata pakati pa machumuni awiri, ndipo m'kampatamo munali kansanja kobiriwira, kamutu ngati anyezi, kokhala ndi nsomba yachitsulo pamwamba pamene pakanayenera kukhala mtanda. Zdenka anabadwira mumzinda womwewu zaka makumi asanu ndi ziwiri zapitazo, koma kansanjako sankakadziwa. Libuše naye anati sakadziwa, poti iye amayang'ana fumbi osati madenga.

Zdenka anasiya chikwama polandirira alendo n'kutuluka. Mumsewu wokwera kunyumba yachifumu munali alendo okhaokha, ndipo ukakhala pansi madenga saoneka. Anatsatira gulu lina lomwe linkalondola bambo wonyamula ambulera yachikasu, ndipo gululo litaima anamufunsa za nsanja ya nsomba. Bamboyo anamutchulira nsanja khumi ndi zaka zimene anazimanga, koma ya nsomba anati kulibe, mwina waona tambala. Mayi wogulitsa zithunzi za mzindawu anamulola kufufuza mulu wonse. Sanaipeze.

Pamapeto pake anaima pamzere kumbuyo kwa banja lina la ku Spain n'kukwera nsanja ya mabelu ya tchalitchi cha Mikuláš, imene sanaikwereponso chichokereni kusukulu. Anafika pamwamba nsapato zili m'manja. Anayamba wafuna denga la hotelo yake, kenako machumuni awiri aja, n'kulondola ndi chala. Kansanjako kanali pafupi zedi, misewu itatu yokha, kuseri kwa bwalo lokhala ndi mtengo umodzi waukulu. Anawerenga madenga kawiri kuti asasochere potsika.

Pakhomo la nyumbayo panali mabelu asanu ndi limodzi. Anadina lapamwamba. Mawu a munthu wokalamba anafunsa ngati ndi wa gasi. Zdenka anayankha kuti ayi, wangobwera kudzafunsa za nsomba. Panapita kanthawi, kenako chitseko chinatseguka.

Mwini mawuwo anali Bambo Hrubeš, amene anayendetsa tramu, sitima yamagetsi ya m'misewu ya mumzinda, zaka makumi atatu asanapume pantchito. Anamukweza pamakwerero amatabwa mpaka m'kansanjamo, kachipinda kokwana anthu awiri, kodzaza maluwa ofiira a m'miphika. Anati kansanjako si ka tchalitchi. Agogo ake ankanena kuti anakamanga ndi munthu wina wogulitsa nsomba, kuti aziona mabwato ake pamtsinje osatuluka m'nyumba, koma mtsinjewo unabisika kalekale ndi nyumba zina.

Zdenka anasuzumira pakazenera. Pakati pa machumuni awiri panaoneka zenera limodzi lokha, la nambala 9, katani ali wopindika mmene anamusiyira.

Bambo Hrubeš anafotokoza kuti m'mawa uliwonse akatha kuthirira maluwa amamwera khofi pamenepo, ndipo akaona nkhope pazenera lija amakweza kapu. Ambiri amakwezanso yawo. Mayi wina wa ku Korea anakhala masiku anayi, ndipo tsiku lonyamuka anagwira pepala pagalasi atajambulapo nsomba.

"Koma makatani aja akundiphera alendo," anatero mkuluyo. "Ena amachoka osawatsegula n'komwe. Amene anawasankha ayenera kuti poyamba ankagulitsa mabokosi a maliro."

"Ndine ndinawasankha, bambo."

Mkuluyo sanapepese. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anamuthirira khofi, n'kumufunsa kuti dzuwa linamulakwira chiyani. Zdenka anayamba kufotokoza za alendo ofuna kugona mpaka masana, koma anaona kuti mnzakeyo sakumvetsera, ndipo anangomwa khofiyo. Anakhala ola lathunthu akufunsa za denga lililonse looneka pamenepo. Bambo Hrubeš ankadziwa kumene kumakhala dokotala wa mano, kumene kunkakhala woimba zeze wosagonetsa anthu, ndi denga limene linagwa ndi chipale chofewa iye ali mnyamata.

Sabata yotsatira Zdenka anachotsa makatani a m'chipinda nambala 9 n'kuika opepuka, anasunthira kabati kukhoma lina, ndipo timapepala tapansi anatimatula ndi chikhadabo Libuše akuonerera, manja ali m'chiuno. Kenako anatumiza uthenga woitana Bambo Hrubeš.

Anabwera Lamlungu atavala tayi. Anakhala pampando wofiira, chipewa chili pamawondo, n'kuyang'ana pakampata kaja. Kansanja kake anali asanakaonepo kuchokera kunja ali pamtunda wotero.

"Nsomba ija yapendama," anatero. "Mchira wagwera kumanzere. Anthu onsewa akundikwezera makapu, palibe wondiuza."

Anafunsa Zdenka ngati akudziwa mmisiri wa madenga wosaopa kutalika. Zdenka ankadziwa awiri, ndipo wina anali ndi nyumba pafupi. Anatsika onse atatu kukamufuna, Libuše ali patsogolo chifukwa ankadziwa njira yachidule.